Manja ndasamba kakhumi, koma mtima ukukanabe

Kalata ya lero yachokera kwa mayi wina wa ku Glen View, kuno ku Harare, amene apempha kuti ndizingowatchula ndi mfunda wawo, a Naphiri. Ndaidula pang'ono chifukwa inali yaitali.

"Ndili ndi zaka 36 ndi ana atatu, ndipo ndimagulitsa tomato ndi masamba amene ndimakapikula ku Mbare Musika. Vuto langa linayamba mu 2018 kolera itavuta kwathu kuno. Ndinadwazika mlamu wanga, zofunda zake ndinkachapa ndekha, ndipo mwamwayi anachira. Koma chichokereni nthawi imeneyo manja anga sindiwaona ngati oyera. Ndikagwira ndalama, makamaka madola akudawa, ndimasamba m'manja kasanu kapena kakhumi motsatizana. Ndikatsika kombi, zovala zonse ndimasintha ndisanakhale pansi. Beseni limene ndinkachapira zofunda zija ndinataya, kenako ndinataya chidebe chimene chinagundana ndi besenilo, ndipo pakona pamene chinkakhala sindipondapo mpaka lero. Madzi kuno amatuluka mwa apo ndi apo. Bambo a kunyumba amatunga kumjigo zigubu 6 patsiku koma sizikwana. Manja anang'ambika ndi Jik. Chodabwitsa n'chakuti sindiopa kwenikweni kudwala. Ndimadziwa kuti kolera ya 2018 singakhale pakona paja. Ndimangonyansidwa, mseru umandigwira, thupi lonse limachita tsemwe. Apongozi akuti ndine wonyada chifukwa sindidya nsima yawo, kutchalitchi ena akuti ndi chiwanda. Kodi ndayamba misala?"

A Naphiri, ndiyambe ndi funso lanu lomalizali, chifukwa ndikudziwa kuti ndi limene likukusowetsani tulo. Ayi, simunayambe misala. Munthu amene mutu wasokonekera sakhala pansi n'kulemba kuti "ndimadziwa kuti kolera ya 2018 singakhale pakona paja". Inu mukuona bwinobwino kuti zimene thupi likunena ndi zimene nzeru zikunena zikusemphana, ndipo kusemphanako ndi kumene kukukuzunzani. Sindingakuyezeni kudzera m'kalata, koma zimene mwalongosolazi ndazimva kambirimbiri pa zaka zimene ndagwira ntchito ndi anthu ovutika maganizo. Zikufanana kwambiri ndi matenda amene madokotala amawatchula mwachidule kuti OCD. Ndikamafotokozera anthu m'chinenero chathu ndimati ndi matenda a maganizo okakamira: ganizo kapena kamvedwe kena kamabwera kosaitanidwa n'kukakamira, ndipo munthu amakakamizika kuchita chinachake mobwerezabwereza kuti apeze mpumulo. Amagwira anthu pafupifupi 2 mwa 100 alionse. Makombi atatu odzaza akamanyamuka kupita ku Glen View, mwina mmodzi mwa okwerawo ndi mnzanu pa vutoli. Ena awo amabwerera kasanu kukaona ngati atseka chitseko, ena amawerenga zinthu mumtima, koma gulu lalikulu ndi la anthu ngati inu, olimbana ndi uve ndi kusamba.

Mawu amene andigwira mtima m'kalata yanu ndi aja akuti simuopa kwenikweni kudwala, mumangonyansidwa. Mwatchula chinthu chimene ife a ntchito imeneyi tinachedwa kuchimvetsa. Kwa zaka zambiri tinkaphunzitsidwa kuti wosamba m'manja mosalekeza amakhala akuopa majeremusi, basi. Nditangoyamba kumene ntchito ndinataya milungu yambiri ndi bambo wina wosoka nsapato amene sankagwira chitseko chilichonse ndi dzanja. Ndinkamutengera mfundo za m'mabuku: kachilombo aka kamafa pakapita nthawi yakuti, sopo amachita zakuti. Iye ankangovomera mwaulemu. Tsiku lina anati, "Adokotala, zonsezo sindikutsutsa. Koma tandiuzani, inu mungadyere nsima m'mbale imene mwana anachitiramo chimbudzi, ngakhale itatsukidwa ndi madzi owira?" Ndinasowa chonena, chifukwa sindikanadyeramo. Milungu yonse ija ndinkathira mankhwala pa mantha, pamene chomuvuta munthuyo chinali kunyansidwa.

Ziwirizi ndi pachibale, koma khalidwe lake ndi losiyana. Mantha amati thawa. Galu wolusa akakuthamangitsani mtima umagunda kwambiri, miyendo imapeza mphamvu, ndipo galuyo akabwerera kwawo mantha amaphwa. Kunyansidwa kumati lavula, taya, usayandikize kukamwa. Taonani nkhope ya munthu amene wanunkhiza nyama yowola: mphuno imakwinyika, mlomo wam'mwamba umakwera, nthawi zina lilime limatuluka. Nkhope imeneyo ndi imodzimodzi ku Dedza, ku Mufakose ndi ku London, ndipo Charles Darwin anailongosola kale mu 1872. Kunyansidwa ndi mlonda wa pakamwa, woletsa zowola, masanzi, mafinya ndi chimbudzi kulowa m'thupi. Makolo athu sankadziwa za majeremusi koma mlonda ameneyu ankawateteza. Ofufuza akajambula ubongo wa munthu amene akuonetsedwa zonyansa, kachigawo kotchedwa insula, komwe kamakhudzidwanso ndi kulawa ndi mseru, kamatakataka kwambiri, ndipo mwa odwala OCD ya mtundu wanuwu apeza kangapo kuti kamatakataka mopitirira. Komabe si zonse zobadwa nazo. Khanda lokwawa limatola chilichonse n'kuponya m'kamwa, ngakhale zitosi za nkhuku. Limaphunzira likamakula, poona nkhope ya mayi ake akamati "taya, n'chonyansa icho!" Ndipo chimene munthu anachita kuphunzira chimatheka kuchiwongola.

Vuto la mlondayu n'lakuti samva zokambirana. Katswiri wina wa ku America, Paul Rozin, ndi anzake anasonyeza zimenezi mu 1986. Ankapatsa anthu juwisi m'tambula, kenako n'kuviikamo mphemvu yakufa imene anali ataipha majeremusi onse, n'kuivuula. Anthuwo ankauzidwa momveka kuti mulibe choopsa chilichonse, koma juwisi uja sankamufunanso. Ankawapatsanso switi ya chokoleti youmbidwa ngati chimbudzi cha galu, ndipo ankainyansidwa akudziwa bwino lomwe kuti ndi switi. Tayesani nokha m'maganizo. Malovu ali m'kamwa mwanu panopa mukuwameza popanda vuto. Alavulireni m'kapu yotsuka bwino, mungawamwe? Anthu a Rozin aja anali abwinobwino, osadwala chilichonse. Kunyansidwa kuli ndi malamulo ake awiri osayendera nzeru: chimene chagundana ndi chonyansa chimatenga unyansiwo mpaka kalekale, ndipo chimene chikufanana ndi chonyansa nacho n'chonyansa.

Ifenso kwathu malamulo amenewa timawadziwa ngakhale sitiwatchula. Tikachoka kumanda timasamba m'manja tisanalowe pakhomo, ngakhale amene sanagwire bokosi kapena khasu. Malaya a munthu amene anafa imfa yoipa ambiri sangawavale ngakhale atachapidwa katatu. Koma mwambo uli ndi polekezera. Madzi ali pamenepo, aliyense amasamba kamodzi, n'kukhala pansi kudya nsima ya pamaliro. Akuluakulu anena kuti basi, mwayera, ndipo mudzi wonse wavomereza. OCD ili ngati mwambo wopanda mkulu woti anene kuti basi.

Nkhani ya beseni, chidebe ndi kona yandikumbutsa kafukufuku wa David Tolin ndi anzake wa mu 2004. Anapempha anthu kuti aloze chinthu chimene ankachiona kuti n'chodetsedwa kwambiri pamalo pamene anali. Anatenga pensulo yatsopano n'kuigunditsa pa chinthucho, kenako pensulo yachiwiri n'kuigunditsa pa yoyamba, yachitatu pa yachiwiri, mpaka mapensulo 12. Kwa anthu opanda matendawa unyansi unkazilala msanga, moti pofika kumapeto inali pensulo wamba. Kwa odwala OCD ya nambala 12 inkaonekabe yodetsedwa ndithu. Beseni lanu ndi pensulo yoyamba, chidebe yachiwiri, kona yachitatu. Ndipo ndikuganiza kuti mutandilemberanso mungandiuze za tsache limene linasesa pakonapo, ndi za mwana amene anagwira tsachelo.

Nanga bwanji inu, pamene anthu ambiri ku Glen View ndi ku Budiriro anadwazika abale awo chaka chimenecho ndipo lero akudya osaganizako? Chifukwa chake si chimodzi. Matendawa amatha kuyenda kumtundu. Mutafufuza mwina mungapeze azakhali amene ankanenedwa kuti ndi aukhondo wonyanya. Kawirikawiri amayamba munthu ali wachinyamata, ndipo mwa amayi amakonda kutulukira kapena kukula pa nthawi ya pakati ndi ya uchembere. Kenako pamabwera chinthu cholemera ngati chanucho, masiku ogwira masanzi ndi zofunda zonyowa mtima uli m'mwamba kuti mlamu atisiya, n'kuyatsa moto pa udzu umene unali wouma kale. Ofufuza amasiyanitsanso zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Pali kufulumira kunyansidwa, monga mmene ena amachitira mseru ndi tsitsi limodzi m'ndiwo pamene ena amangolichotsa n'kupitiriza kudya. Ndiye pali kuopa kunyansidwako, kuganiza kuti mseru uwu sindingaupirire, ndisanza, ndipenga, sudzatha. Namwino wa m'wodi ya ana amanyansidwa tsiku ndi tsiku, koma amadziwa kuti zidutsa, n'kupita kukamwa tiyi. Choyambacho sichisintha msanga. Chachiwiricho ndi pogwirira pathu.

Msampha weniweni ndi mpumulo. Mukagwira dola yakuda mseru umakwera. Mukasamba umatsika kwa mphindi zingapo. Ubongo umasunga zoti kusamba ndi kumene kwatipulumutsa, ndiye kuti dola ija inalidi yoipa, ndipo mawa lake umafuna kusamba kawiri. Zili ngati kukanda mphere: pokanda pamakoma, koma ndi pomwe zikufalikira. Chimene ubongo wanu sunapatsidwe mpata wochiona chichokereni 2018 n'chakuti mseruwo ukanatsika wokha mukanauleka.

Tsopano ndinene chimene chimavuta pochiza matendawa mumzinda uno, chimene mabuku olembedwa ku Ulaya sachiganizira kwenikweni. Kuno uve si wongopeka. Kolera ya 2008 ndi 2009 inadwalitsa anthu oposa 98,000 m'Zimbabwe muno n'kupha oposa 4,000, ndipo ku Budiriro, pafupi nanu pomwepo, ndi kumene inafika poipa. Inabukanso mu September 2018 ku Glen View ndi ku Budiriro, kenako mu 2023 ku Kuwadzana ndi madera ena. Suweji imaphulika n'kumayenda mumsewu, madzi a m'mipope ochokera ku Lake Chivero amabwera akafuna, taifodi nayo siichoka. Pamwamba pa izo COVID-19 inabwera, wailesi iliyonse n'kumati sambani m'manja, sambani m'manja. Ndiye sindingakuuzeni kuti palibe choopsa. Ndingakhale ndikunama, ndipo inu mungadziwe kuti ndikunama.

Chimene ndimauza odwala anga n'chakuti azisamba potsata lamulo la azaumoyo, osati potsata mseru. Lamulolo ndi lalifupi: sopo ndi madzi kwa masekondi 20, kamodzi, pochoka kuchimbudzi, mukasintha mwana thewera, musanakonze chakudya, musanadye, ndi pofika kunyumba kuchokera kumsika. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe mankhwala monga WaterGuard kapena Aquatabs potsata muyezo wolembedwawo. Zimenezo ndi zimene zimatchinga kolera. Kusamba kwachiwiri, kwachitatu mpaka kwakhumi kuja mumakhala mukutsuka mseru, ndipo mseru suchoka ndi sopo. Ndipotu manja ong'ambika amasunga majeremusi ambiri kuposa khungu losalala, ndipo zigubu zothera m'manjazo ndi madzi amene akanatsuka mbale ndi kusambitsa ana. Ganizirani mnzanu wa pamsika amene mumamudziwa kuti ndi waukhondo koma savutika nazo. Iye amasamba kangati? Pamenepo ndi pomwe tikulinga.

Chithandizo chimene chimagwira ntchito kwambiri chimatchedwa ERP, ndipo anachiyambitsa ndi Victor Meyer ku London mu 1966. Kuchinena n'kosavuta, kuchichita kumawawa: kugwira dala chinthu chimene chimakunyansani, pang'onopang'ono, kenako osasamba, n'kukhala nawo mseruwo mpaka thupi litaphunzira kuti limatha kuupirira. Palibe amene adzakugwiritseni chimbudzi kapena madzi a suweji. Wokuuzani zoterozo muthaweni. Timagwiritsa ntchito zinthu zimene anthu ena onse amagwira tsiku lililonse. Timakhala pansi n'kukonza makwerero, chilichonse n'kuchipatsa nambala kuyambira 0 mpaka 10 malinga ndi mseru wake. Kwa inu mwina poyambira pangakhale kukhala pampando ndi zovala za m'kombi kwa mphindi 10. Pamwamba pake, kuwerenga ndalama za tsikulo n'kusamba kamodzi kokha. Kenako kuima pakona paja mutavala nsapato, kenako opanda nsapato, kenako kuikapo mpando n'kumwerapo tiyi. Nsima ya apongozi ili penapake pamakwererowo, ndipo inu ndi amene mukudziwa pamene ili.

Ndikuchenjezeni chinthu chimodzi, chifukwa ndi pamene ambiri amagwera ulesi. Kunyansidwa kumatsika mochedwa kuposa mantha. Akatswiri monga Dean McKay ndi Bunmi Olatunji asonyeza zimenezi m'kafukufuku wawo, ndipo ine ndaziona ndi maso. Munthu woopa kukwera chikepe cha m'nyumba zosanja za m'tauni amatha kuzolowera pakangopita maulendo ochepa. Wonyansidwa amagwira dola ija lero, mawa, mkuja, n'kubwera kudzandiuza kuti "mantha atha koma ikundinyansabe, ndiye kuti sizikuthandiza". Zimakhala zikuthandiza, kungoti kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa milungu yoyambirira musayembekezere kumva kuti mwayera. Chimene tikufuna n'chakuti muphike, mugulitse, mubereke mwana, mseru uli pomwepo ngati mlendo wosaitanidwa amene mwasiya kumuphikira. Mlendo wotere amachoka yekha, koma tsiku sanena. Kupita patsogolo muzikuyeza ndi zimene mwakwanitsa kuchita ndi zigubu zimene zatsala madzulo, osati ndi mmene m'mimba mukumvera.

Pali tinjira tina timene ndaona tikuthandiza pa kunyansidwa makamaka. Kena ndi kuyang'anitsitsa chinthucho n'kuchilongosola ndi mawu ozizira: ili ndi pepala lobiriwira, lafewa chifukwa ladutsa m'manja ambiri, pali nkhope ya George Washington. Kena ndi kuchilumikiza ndi zabwino. Dola yomweyo ndi fizi ya mwana, ndi buledi wa mawa. Kona ija, mukadzafika pamenepo, muikepo wailesi kapena mphasa, pakhale pamalo pamene ana amasekerapo. Ndipo chenjerani ndi kusamba kobisika: kupukuta manja pachitenje, kugwira ndalama ndi nsonga za zala, sanitaiza wa m'chikwama, kapemphero konena katatu mumtima kuti muyere. Zonsezo ubongo umaziwerengera ngati kusamba.

Kwa bambo a kunyumba, ngati muwawerengere yankho lino: bambo, zigubu 6 zija ndi chikondi, ndipo ndikukupatsani ulemu. Koma matendawa amadya chikondi chotero n'kumanenepa. Mabanja ambiri amene ndawaona amakhala atalowa pansi pa ulamuliro wa OCD osadziwa. Ana amavulira pakhomo, bambo ndi amene amatsegula zitseko, aliyense amayankha kakhumi patsiku funso loti "kodi ndayera?" Musasiye mwadzidzidzi, ndipo musakalipe, kukalipa kumangowonjezera manyazi, munthu n'kuyamba kusamba mobisa. Gwirizanani mitima ili m'malo, osati pamene mayi ali pabeseni akulira, kuti sabata ino zigubu zikhala 5. Funso lija muziyankha kamodzi. Likabweranso muziti, "Tinagwirizana kuti limenelo sindiyankhanso, koma ndili pompano."

Apongozi ndikuwamvetsa. Kwathu kukana nsima ya munthu ndi mlandu. Kumamveka ngati mukuwanena kuti ndi auve, kapena choipa kuposa apo, kuti mukuwaganizira zokuthirirani mankhwala. Sangalote okha kuti ndi matenda. Amuna anu, kapena ankhoswe ngati zafika povuta, akawafotokozere kuti si manja awo okha amene mukuwakayikira, ngakhale anu omwe simuwakhulupirira, ndipo awaonetse mmene ang'ambikira. Ndaonapo apongozi amene atamva kuti mpongozi wawo akudwala anakhala oyamba kumuperekeza kuchipatala.

Za chiwanda sindikangana ndi mpingo wanu. Pempherani, abusa akuyendereni. Ndingopempha kuti pemphero lisasanduke sopo wina. Ndaona Akhristu olapa tchimo limodzi maulendo osawerengeka, ndi abale athu Asilamu obwereza kusamba kokonzekera swala mpaka nthawi ya swalayo kudutsa. Mashehe vutoli amalidziwa kuyambira kale, amalitcha waswasi, ndipo malangizo awo amafanana ndi anga: wasamba kamodzi moyenera, pita ukaswali, kukayikako usakumvere. Chimene ndikukanizani ndi kupita kwa aliyense wofuna ndalama kuti akusambitseni ndi madzi, mchere kapena zitsamba zochotsa minyama. Munthu amene matenda ake ndi kusamba sachira ndi kusambitsidwa. Mudzapepukidwa masiku awiri, kenako mudzafuna kubwererako.

Pali mbali ina imene simunaitchule, ndipo mwina siikukukhudzani, koma ndiinene chifukwa cha ena owerenga. Stanley Rachman, katswiri wobadwira ku Johannesburg amene anathera zaka zambiri pa matendawa, analongosola za uve wa mumtima, pamene munthu amamva kuti wadetsedwa mkati osakhudza kanthu. Zimabwera pambuyo pogwiriridwa, ponyozedwa kwambiri, pochitidwa chinyengo m'banja, kapena chifukwa cha maganizo oipa obwera okha, monga chithunzi cha kuvulaza khanda lako lomwe kapena mawu otukwana uli mkati mwa pemphero. Oterewa amasamba mpaka kusupuka koma sayera, poti litsirolo silili pakhungu. Rachman yemweyo ndi mnzake Padmal de Silva anapeza mu 1978 kuti anthu abwinobwino pafupifupi 8 mwa 10 maganizo odabwitsa oterewa amawabwerera, kungoti amawanyalanyaza. Ngati kusamba kwanu kumabwera mukakumbukira munthu wina kapena zimene anakuchitani, muuzeni wokuthandizaniyo. Pamenepo makwerero okha sakwanira, balalo liyenera kukambidwa.

Mankhwala aliponso. Madokotala amayambira pa gulu lotchedwa SSRI, monga fluoxetine, ndipo pali ena akale otchedwa clomipramine. Zinthu ziwiri zimene odwala ambiri sauzidwa ndi izi: pa OCD mlingo umakhala wokwererapo kuposa wa matenda a kukhumudwa, ndipo pamatenga milungu 8 mpaka 12 kuti phindu lake lenileni lioneke. Ambiri amasiya pa sabata yachitatu n'kumati sagwira ntchito. Masiku oyamba amatha kubweretsa mseru wawowawo, mutu kapena kusowa tulo, zomwe kawirikawiri zimatha. Amitriptyline, amene amapezeka mosavuta, amathandiza pa kukhumudwa ndi tulo koma pa OCD si mankhwala ake. Diazepam amangogoneka nkhawa kwa maola ochepa n'kukusiyani mukumufuna tsiku lililonse. Musagule mapiritsi a mumsewu, musasiye kumwa mwadzidzidzi, ndipo ngati muli oyembekezera kapena mukuyamwitsa nenani poyambirira. Mankhwala amafewetsa nthaka, koma kulima kwake ndi ERP. Amene amwa mankhwala okha n'kusiya, vuto limakonda kuwabwerera.

Ife timati vuto lafika pofuna chithandizo likamadya nthawi yoposa ola limodzi patsiku, kapena likamasokoneza ntchito ndi banja. Inu pamenepo munadutsapo kale. Koyambira ndi kukiliniki ya khonsolo ya kwanuko. M'makiliniki ambiri a mumzinda uno muli Friendship Bench, ntchito imene Dr Dixon Chibanda anaiyambitsa ku Mbare, ya agogo ophunzitsidwa kumvetsera ndi kuthandiza anthu a nkhawa ndi okhumudwa, zimene anzathu Achishona amati kufungisisa. Agogowo amadziwa kupepuza mtima, koma ERP yeniyeni imafuna katswiri wa zamaganizo. Choncho pemphani kalata yokutumizani ku Annex, chipatala cha matenda a maganizo cha ku Parirenyatwa, kapena ku chigawo cha matenda a maganizo cha chipatala cha Sally Mugabe, chimene akuluakulu amachitchabe Gomo. Dzina la Annex lisakuopseni, ambiri amaonedwa n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Mukafika musangoti "ndili ndi nkhawa". Tchulani manambala: ndimasamba maulendo akuti, zimandidyera maola akuti, ndataya zinthu zakuti. Ndipo kunyansidwako mukutchule. Ngati mukulankhula Chishona mawu ake ndi kusema, omwe kwa ife ndi ntchito ya mmisiri wa mipini ndi mitondo. Mayi anga, amene anabwera kuno kuchokera ku Dedza ali mtsikana, mpaka kumwalira ankaseka nawo mawu amenewa.

Musadikire kalata kapena tsiku lopatsidwa ngati mwayamba kuchepetsa kudya ndi kumwa madzi chifukwa chonyansidwa mpaka kuonda, ngati mukusambitsa ana ndi Jik kapena Dettol wosasungunula kapena kuwaletsa kupita kusukulu, kapena ngati manja atupa n'kumatuluka mafinya. Koposa zonse, ngati mwayamba kuganiza kuti kuli bwino kungofa. OCD imayenda kawirikawiri ndi kukhumudwa kwakukulu, ndipo maganizo amenewo ndi opita nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Uzani munthu wapafupi akuperekezeni. Komanso tsiku lina kudziwa kwanu kuja kuti izi si zoona kutachoka, n'kuyamba kumva mawu kapena kukhulupirira kuti wina akukuthirirani poizoni, imeneyo ndi nkhani ina, yofuna dokotala msanga.

Pakadali pano Jik achoke m'manja lero lomwe. Ntchito yake ndi pansi ndi m'chimbudzi, ndipo musamusakanize ndi mankhwala ena otsukira chifukwa mpweya wake umapweteka mapapo. Gulani sopo wamba, muzidzola Vaseline mukasamba ndi pogona. Tengani kope lakale la mwana, kwa sabata imodzi muzilemba nthawi iliyonse imene mwasamba, chimene munagwira, ndi nambala ya mseru musanasambe. Musasinthe kalikonse kaye kupatula ichi: mukalandira dola yoyamba m'mawa, onani nthawi pafoni, dikirani mphindi 5 musanapite pachigubu, ndipo mphindizo zikatha mulembenso nambala ya mseru. Kopelo mukalitenge popita kukiliniki.